Alendo akaimirira n'kuwaombera m'manja, kenako tizitani?

Nabanda (komiti yolandira alendo):
Moni nonse akuluakulu. Sesoni (bwalo la abusa ndi akulu ampingo) yatipatsa ntchito yokonza dongosolo lolandirira alendo, ndiye tikupempha nzeru kwa inu amene ntchitoyi mukuidziwa. Pakali pano zimene timachita n'zodziwika: nthawi ya zolengeza alendo amaimirira, amatchula dzina ndi komwe achokera, timawaombera m'manja, kwaya n'kuimba kolasi. Lamulungu lotsatira ambiri sitiwaonanso, ndipo palibe amene angauze sesoni kuti anali angati kapena analowera kuti. Mpingo wake ndi wa CCAP, wa m'tauni, mapemphero alipo awiri, achingerezi m'mawa kenako achichewa. Tiyambire pati?

Mkulu Mwale:
Mayi Nabanda, choyamba musawatenge alendo onse ngati ndi amodzi. Pali wodutsa, amene wabwera kwa abale, ku maliro, ku ukwati kapena ku msonkhano wa kuntchito, mawa akubwerera kwawo. Ameneyo akungofuna pokhala, buku la nyimbo ndi moni. Pali wosamuka, Mkhristu wathu kale, wodya mgonero, amene wabwera kuno chifukwa cha ntchito, sukulu kapena banja. Ndiye pali amene akufuna kulowa kumene, kaya sanabatizidwe kaya akuchokera ku mpingo wina.

Amene mumataya kwambiri ndi wachiwiriyo. Nyimbo akuzidziwa, poimirira ndi pokhala pansi akudziwa, ndiye aliyense amayesa ndi wa pompano. Amatha chaka chathunthu akupemphera nanu koma m'kaundula mulibe dzina lake, alibe mlaga (kagulu ka Akhristu a dera limodzi), alibe mkulu womuyendera. Mumadzamudziwa tsiku limene pakhomo pake pagwa zovuta, anansi abwera kwa abusa kudzapempha mwambo wa maliro, mlembi n'kutsegula buku osamupezamo. Pamenepo mpingo umaoneka wouma mtima, chikhalirecho cholakwa chinachitika tsiku loyamba lomwe lija. Funso lofunika kumufunsa mlendo aliyense ndi ili: "Mwangodzacheza kapena mwasamukira kuno?" Yankho lake ndi limene likuuzeni chochita.

aPhiri Mlembi:
A Mwale alasa. Ine ndionjezepo za kakhadi. Dulani pepala la A4 panayi, ndipo pakhale zinthu zisanu zokha: dzina, nambala ya foni, dera limene akukhala ndi chizindikiro chapafupi (mjigo, sukulu, chigayo), mpingo umene achokera, ndi pochonga ngati akudutsa, asamuka kapena akufuna kulowa. Zaka zobadwa, ntchito, za banja, zonsezo zisiyeni, mkulu wa dera adzazidziwa pocheza. Fomu ikatalika anthu amaipinda n'kuiika m'Baibulo, simuionanso.

Zolembera mukhale nazo zanu, zosachepera khumi, chifukwa theka la alendo safika ndi cholembera. Amene akuzengereza kulemba musamufunse chifukwa, mwina salemba. Wolandira alendo angonena kuti "bweretsani ndikulembereni" basi. Makhadi onse afike kwa mlembi tsiku lomwelo mu vesitile, asagone m'thumba la jekete la munthu. Mlembi awalowetse m'buku la alendo, lomwe ndi losiyana ndi kaundula wa Akhristu, ndipo pofika Lachiwiri khadi la aliyense wosamuka likhale lili m'manja mwa mkulu wa dera lake. Khadi likapitirira sabata lisanafike kwa mkulu, ndiye kuti lafa.

Nasimango:
Ine ndibwerere pakhomo penipeni, chifukwa mlendo amakhala ataganiza kale za mpingo wanu abusa asanakwere pa guwa. Khomo lililonse pakhale anthu awiri, bambo ndi mayi ngati n'kotheka, ndipo afike mphindi 30 mapemphero asanayambe. Mmodzi sachoka pakhomo, winayo ndiye woperekeza. Musaloze ndi chala kuti "kakhaleni uko". Yendani naye mpaka pa benchi, ndipo muuzeni wokhala pafupiyo kuti "awa ndi alendo athu" kuti aziwerengera limodzi buku. Olandira alendo asachoke pakhomo nyimbo yoyamba ikangoyamba, akhalebe mphindi 20, chifukwa mlendo ndiye amachedwa. Sadziwa nthawi, sadziwa potsikira minibasi.

Sungani mabenchi awiri chapakati, kufupi ndi mpata woyendamo. Kutsogolo ayi, munthu amamangika poona kuti mpingo wonse ukumuyang'ana kumsana. Komanso onetsetsani kuti simunamukhazike pa malo a kwaya, a akulu ampingo kapena a amayi a chigwirizano, chifukwa kumudzutsa munthu atakhala kale, anthu akuona, ndi manyazi amene saiwalika. Ngati kwanuko abambo amakhala mbali ina amayi mbali ina, banja lachilendo liuzeni pakhomo lisanalowe. Mayi wa khanda mukhazikeni kufupi ndi khomo la m'mbali ndipo mumulozeretu kuchimbudzi. Munthu wa khungu lachialubino mpatseni malo kutsogolo kuti aone bwino bolodi la nyimbo, komanso kutali ndi zenera lolowa dzuwa. Wa njinga ya olumala asasiyidwe kumbuyo kwenikweni yekha, chotsani mpando umodzi kumapeto kwa mzere akhale pamodzi ndi anzake.

Mabuku a nyimbo khumi ndi Mabaibulo asanu odinda chidindo cha mpingo akhale a alendo okha. Awerengeni potulutsa ndi pobweza.

Chisomo wa achinyamata:
Pepani akuluakulu, ndinene za kuimiritsa alendo kuja. Achinyamata ambiri sakufuna. Ophunzira akatsegulira sukulu amabwera ambiri ndithu, koma akamva "alendo aimirire" amangowerama. Ena sabweranso poopa maikolofoni. Bwanji tingozisiya?

Mkulu Mwale:
Kuzisiyiratu ayi, mwanawe. Kwathu kuno mlendo salowa pakhomo osalonjeredwa, ndipo munthu wamkulu amene wachokera kumudzi ndi moni wa mpingo wake amamva kunyozedwa mukapanda kumupatsa mpata. Vuto ndi kachitidwe kake.

Nasimango:
Njira yake ilipo. Makhadi aja atoleredwe zolengeza zisanafike, wolengeza awerenge yekha mayina ndi mipingo yochokera, kenako anene kuti amene atchulidwa ndi ena onse obwera koyamba aimirire pamodzi pomwe alipo. Maikolofoni isayende. Ikayenda mumataya mphindi 15, wina amayamba umboni, wina ulaliki, pomwe wamanyazi akunjenjemera kudikira nthawi yake. Amene wabwera ndi moni wochokera ku mpingo wina auze mlembi mu vesitile mapemphero asanayambe, apatsidwe mphindi imodzi. Ndipo wolengeza asafunse pagulu kuti "muli pabanja?" ngakhale mwanthabwala. Mpingo umaseka, koma mayi amene ukwati wake wangotha kumene sabweranso.

aPhiri Mlembi:
Tsopano za kalata yosamukira, chifukwa apa ndi pamene pamagona nkhani yonse. Mkhristu akamachoka ku mpingo wake amayenera kutenga kalata yosainidwa ndi abusa ndi mlembi, yodindidwa, yonena kuti ndi Mkhristu wodya mgonero, ndipo ngati pali ana obatizidwa atchulidwemo. Kalatayo ikafika kwa inu, mlembi ailembe tsiku limene yalandiridwa, ipite ku sesoni, dzina lilowe m'kaundula, munthuyo alengezedwe mumpingo ndi kupatsidwa mlaga. CCAP ili ndi masinodi asanu, Livingstonia, Blantyre, Nkhoma, Harare ndi Zambia. Mpingowu unapangidwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, Nkhoma n'kulowa mu 1926. Ndiye munthu wochokera ku Ekwendeni, ku Mulanje kapena ku Mvera akabwera ndi kalata yake, si wolowa kumene, musamutumize ku kalasi ya ophunzira za Chikhristu.

Zovuta zake ndi izi. Ambiri amasamuka mwadzidzidzi osatenga kalata. Ena anaitenga koma yakhala m'sutikesi zaka zitatu, ndiye sesoni imafuna kudziwa kuti zaka zonsezo anali kuti. Ena kalata inawakanika chifukwa ali ndi ngongole ya zopereka kumene achokera ndipo akuchita manyazi kunena. Ena anachoka ali pa chilango. Pa zonsezi musamusiye munthu kuti "pitani mukatenge kalata" n'kuthera pomwepo, chifukwa ulendo wa ku Chitipa kapena ku Nsanje si wa ndalama zochepa, ndipo adzangokhala osabweranso kwa inu. Mlembi aimbire mlembi mnzake. Kalata ikhoza kujambulidwa n'kutumizidwa pa WhatsApp kuti sesoni iyambe kuona, yeniyeniyo ibwere pambuyo ndi munthu wodalirika. Koma chithunzicho chichokere pa foni ya mlembi kapena abusa a uko, osati ya mwini kalata, pakuti makalata achinyengo aliko.

Wa pa chilango nkhani yake ndi ya abusa awiriwo ndi masesoni awo. Komiti yolandira alendo isaidziwe n'komwe.

Achimwene a ku Joni:
Zimene anena a Phirizi kuno ku Johannesburg ndiye n'zazikulu. Anthu amabwera kudzasaka ganyu, za kalata saganizako. Amapemphera nafe miyezi, ena zaka. Tsiku la zovuta pamafunika kutumiza thupi kumudzi, mpingo wa kuno sunamulembe, wa kumudzi unamuchotsa kale m'kaundula poti anasowa. Abale amavutika pawiri. Ndiye amene muli kumudzi, munthu akamatsanzika kuti akupita kunja mupatseni kalata asanakwere basi, musadikire kuti apemphe. Ndipo kuno mlendo sitimufunsa za mapepala ake okhalira m'dziko. Mukangofunsa zimenezo pa khadi, simumuonanso.

Katekisiti Mbewe:
Ndine wa Katolika koma ndiponyepo, poti vutoli ndi limodzi. Kwa ife munthu salandiridwa kwenikweni pa Misa ya Lamulungu, pamakhala anthu ochuluka zedi. Amalandiridwa ku mphakati, kagulu ka Akhristu oyandikana nyumba kamene ena amati limana. Dongosolo limeneli maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a Katolika a m'mayiko a kum'mawa kwa Africa, analilimbikitsa kuyambira 1973, ndipo ku Lilongwe Ambuye Patrick Kalilombe analigwirira ntchito kwambiri zaka zimenezo. Ubatizo wa mwana, ukwati, maliro, zonse zimayambira kwa atsogoleri a mphakati. Ndiye mlendo akangodziwika, tsiku lomwelo timamuonetsa kwa wapampando wa mphakati wa dera lake, maso ndi maso, panja pa tchalitchi. Kumupatsa nambala ya foni kuti aimbe yekha sikugwira, mlendo saimba. Kwa inu ndiye kuti mkulu wa mlaga. Muwauze akulu a milaga onse kuti mapemphero akatha asathamangire kunyumba, aime malo amodzi odziwika kwa mphindi khumi.

Nabanda:
Zikomo a Katekisiti, imeneyo tailemba. Nanga za tiyi? Ena mu komiti akuti tiziwaphikira alendo chakudya Lamulungu lililonse.

Mayi Nachisale:
Chakudya sabata ndi sabata simungakwanitse, mudzachita miyezi iwiri thumba n'kuuma, amayi ophika n'kutopa. Tiyi ndi wokwanira. Mafulasiki awiri aakulu, makapu 20, masikono kapena mandasi. Shuga wa kilogalamu imodzi amakwana makapu oposa 60 ngakhale aliyense athire masipuni atatu, ndiye paketi imodzi ikhoza kukufikitsani mwezi. Madzi awiritsidwe ulaliki usanathe kuti alendo asadikire. Milaga izisinthana, mlaga umodzi mwezi umodzi, ndipo ndandanda ikhomedwe mu vesitile.

Chimene chimaononga tiyi wa alendo ndi eni mpingo. Akwaya ndi akomiti amadzaza chipinda, n'kumacheza okhaokha, mlendo ali pakona ndi kapu yake. Mulowe anthu owerengeka: abusa kapena mkulu mmodzi, mlembi, mayi mmodzi wa chigwirizano kapena wa mvano malinga ndi sinodi yanu, wachinyamata mmodzi, ndi akulu a milaga imene alendowo akukhala. Zisapitirire mphindi 20, anthu ali ndi minibasi zoti akwere ndi ana oti akawaphikire. Poti muli ndi mapemphero awiri, tiyi wa oyambawo achitikire chipinda china osati mu vesitile, muja akulu amakhala akukonzekera mapemphero achiwiri.

Ndipo pa tiyipo pasatchulidwe ndalama. Za malonjezo, za chitukuko, za Paper Sunday, za yunifolomu, zonsezo zidikire munthu akhazikike. Mlendo amene wapatsidwa envelopu ya zomangamanga tsiku loyamba amapita akudziwa chimene mwamuonera.

Mkulu Mwale:
Kuyendera kunyumba kuchitike sabata yomweyo, lisanafike Lamulungu lachiwiri. Imbani kaye foni kupempha tsiku, musangotulukira. Pitani awiri, ndipo ngati mlendoyo ndi mayi wokhala yekha, mmodzi mwa awiriwo akhale mayi. Mkulu wamwamuna asapite yekha, zimabweretsa mbiri zoipa kwa onse awiri. Pewani nthawi ya nkhomaliro ndi ya chakudya chamadzulo, chifukwa munthu wongosamuka kumene mwina alibe ndi mipando yomwe, ndipo adzavutika mumtima kuti akupatseni chiyani. Mphindi 30 zakwana: moni, kudziwana, kumuuza tsiku ndi nyumba imene mlaga ukumane, vesi lalifupi, pemphero. Tsiku la mlagalo wina akamutenge, asamayende yekha kufunsa nyumba.

Ngati mwamuna kapena mkazi wake ndi wa mpingo wina kapena ndi Msilamu, funsani ngati kuli bwino kufika pakhomopo. Akakayika, kumanani naye ku tchalitchi. Musayambitse mkangano m'banja la eni chifukwa cha changu chanu.

Chisomo wa achinyamata:
Za gulu la WhatsApp bwanji? Ife timangowaponyamo alendo tsiku lomwelo.

aPhiri Mlembi:
Lekani zimenezo. Mufunseni kaye, ndipo alowe gulu la mlaga wake lokha, osati magulu asanu nthawi imodzi. Munthu amadzuka n'kupeza mauthenga 200 ndi mndandanda wa amene sanasonkhe, bandulo yake yatha, amangotuluka. Komanso nambala za pa makhadi zisajambulidwe n'kuponyedwa pagulu. Akuba a pafoni amatola nambala zotero n'kumaimba ngati ndi abusa kapena msungichuma, kupempha ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mlendo sadziwa mawu a abusa, amatumiza. Muuzeni tsiku loyamba kuti mpingo supempha ndalama pa nambala ya munthu. Nambala za atsikana zisapite kwa anyamata a komiti, ziyende kudzera kwa amayi. Buku la alendo likhale lokhomeredwa mu ofesi.

Abusa opuma:
Ndawerenga zonse, mwalankhula bwino ana anga. Ndikhudze za gulu lachitatu lija, olowa kumene, chifukwa apa komiti imalakwa ndi mtima wabwino. Musalonjeze chimene si chanu. Wina akafunsa kuti "ndingadye mgonero sabata yamawa?" kapena "mwana wanga abatizidwa liti?" yankho lanu likhale lakuti "tiyeni tikaonane ndi abusa", ndipo mupite naye. Wosabatizidwa amalowa kalasi, ndipo kutalika kwa kalasi kuli m'malamulo a sinodi yanu, musamuuze za m'mutu. Wochokera ku mpingo wina amene anabatizidwa ndi madzi m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ife a chikhulupiriro chokonzedwa sitimubatizanso, koma sesoni ndiyo imaona umboni wa ubatizowo ndi maphunziro amene akufunika. Nkhani za ukwati wosadalitsa, za mitala, za banja lachiwiri, zimenezo n'za abusa m'chipinda chotseka. Wolandira alendo akazifunsa pakhomo watseka khomo limene anayenera kutsegula.

Mphunzitsi wa kalasi amudziwe munthuyo tsiku lomwelo, ndipo mlaga umutenge ngakhale asanabatizidwe. Anthu a kalasi ambiri amathawa pakati chifukwa miyezi yonseyo amadziwana ndi mphunzitsi yekha.

Kenako za zovala. Mtsikana wabwera ndi thalauzi, mnyamata ndi ndolo kapena tsitsi lopota, bambo wina akununkha mowa wa dzulo. Pakhomo si malo owongolera munthu. Yakobo mutu 2 akudzudzula mpingo umene ukhazika wovala bwino pamalo aulemu n'kumuimika wosauka kumbuyo, ndipo zimenezi zimachitika ndithu: wobwera pa galimoto amaperekezedwa kutsogolo, wobwera wapansi ndi fumbi m'miyendo amangolozeredwa. Muwaphunzitse olandira alendo kudzigwira pa chimenechi, chifukwa amachita osazindikira.

Nasimango:
Abusa, nanga obwera kudzapempha thandizo? Pafupifupi Lamulungu lililonse pamapezeka wina woti waberedwa, akufuna thiransipoti.

Abusa opuma:
Mulandireni ngati mlendo wina aliyense, akhale pansi apemphere nawo. Mapemphero akatha mupite naye kwa atumiki, ndiwo osunga za chifundo. Iwo amve nkhani yake awiri, alembe m'buku, ndipo ngati ndi ulendo akamulipirire okha kwa kondakitala m'malo momupatsa ndalama m'manja. Chimene muyenera kuletsa ndi choti azizungulira Akhristu mmodzimmodzi panja. Mukatero woona amathandizidwa, wonama amadziwika msanga, ndipo palibe amene wanyozedwa pagulu.

Mayi Nachisale:
Chilankhulo musaiwale. M'tauni mumabwera Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, komanso abale a ku Dzaleka ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amene Chichewa chawo n'chochepa koma Chiswahili kapena Chifalansa amalankhula. Komiti idziwe Akhristu awiri kapena atatu olankhula zinenero zimenezi oti ingawaitane. Moni wa m'chinenero chake amamasula munthu msanga. Ndipo wolengeza afunsiretu katchulidwe ka dzina lachilendo, asalikhotetse pa maikolofoni anthu n'kuseka.

Chisomo wa achinyamata:
Funso lina. Mlendo akanena kuti kwawo anali wa kwaya kapena mphunzitsi wa Sande sukulu, timulowetse pompo? Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Mkulu Mwale:
Kwaya alowe ngakhale sabata yomweyo kumaphunziro a nyimbo, ndi njira yachangu yopezera anzake. Kukonza m'tchalitchi, kuyendera odwala pamodzi ndi mlaga, zonsezo alowe. Koma zitatu izi zidikire kalata ifike ndipo papite miyezi isanu ndi umodzi mukumuona: kuphunzitsa ana, kugwira ndalama, ndi kulalikira. Kwa ana makamaka, ngakhale atavomerezedwa asakhale yekha m'kalasi, aphunzitsi azikhala awiri. Mlembi afunsenso kumene achokera ngati anagwiradi ntchitoyo bwino. Munthu wabwino sakhumudwa ndi zimenezi mukamufotokozera kuti ndi lamulo la aliyense.

Mbali inayo ndi yoti musamuunjikire maudindo poti ndi wophunzira kapena ali ndi galimoto. Mwezi woyamba ali kale mu komiti ya chitukuko, ya ukwati ndi ya zomangamanga, chaka chisanathe watopa wathawira kwina.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse. Chotsala n'chakuti sesoni idzadziwa bwanji kuti dongosololi likugwira?

aPhiri Mlembi:
M'buku la alendo jambulani mizere inayi kutsogolo kwa dzina la aliyense wosamuka kapena wolowa kumene: tsiku limene khadi linafika kwa mkulu, tsiku limene anayenderedwa, tsiku limene anafika koyamba ku mlaga, ndi tsiku limene kalata inalandiridwa kapena analowa kalasi. Pa sesoni iliyonse mlembi awerenge mayina amene mizere yawo ili ndi mipata, mkulu wa deralo ayankhe pomwepo. Musawerenge kuchuluka kwa amene anaimirira, chiwerengero chimenecho chimangosangalatsa. Wosaoneka Lamulungu atatu otsatizana aimbiridwe foni ndi munthu yemwe uja anamuyendera, osati wina watsopano. Akanena kuti wapeza mpingo wina kufupi ndi kwawo, mufunseni dzina la mpingowo, ndipo ngati kalata yake inafika kale kwa inu mumulembere ina yopita kumeneko.